Nkhata Yanga ndi Makina Oyeza Kukoka kwa Dziko

Adzukulu anga akandiona ndikuchokera kumjigo ndi ndowa yodzaza pamutu, manja ali pansi, amandithamangira nkumati, "Ambuya, pamsinkhu wanuwu mufuna muonetse ndani?" Ine ndimangoseka. Sadziwa kuti khosi limeneli linagwirapo ntchito kutsidya kwa Zambezi. Ndati ndilembe nkhaniyi maso akali kuona, chifukwa amene akanaifotokoza bwino kuposa ine, atate a Monika, Ambuye anawaitana kale.

Kwathu nkufupi ndi Kasisi. Kwa masisitere ndinaphunzira mpaka kudziwa kulemba kalata ndi kuwerenga manambala, basi. Atate a Monika anali Mngoni wa kum'mawa, mkamwini pamudzi pathu. Tisanakwatirane anagwirapo kumgodi, ndipo kumeneko ngolo inawapweteka bondo lakumanzere, mwendowo nkufupikako pang'ono. Poyenda pamalo osalala simukanadziwa. Koma amalume anga anadziwa, ndipo tsiku lina pamowa wolimitsa anayankhula anthu onse akumva.

"Mkamwini wathu uyu anapita kumgodi na miyendo iwiri, wabwelako na umodzi na theka. Manje mwana wathu azamudyetsa chani?"

Anthu anaseka. Tili awiri atate a Monika anandiuza kuti akupita ku Walale, dziko la kumwera lija, ndipo sadzapondanso pamudzi pathu kufikira atagula pulawo yawoyawo. Ine ndinati ndipita nawo. Ndinali nditaona akazi ambiri amene amuna awo anaoloka Zambezi nkusowa ngati alowa m'madzi.

Tinachoka mvula itangotha, zaka zija za Chitaganya. Mwana wathu Monika tinamusiya ndi amai anga, atangosiya kuyamwa. Pamene tinkakwera lole iye ankatafuna nzimbe, osalira ayi. Anangotiyang'ana, madzi a nzimbe akutsika m'chigongono. Kusalira kwakeko kunandipweteka mpaka pamlatho wa Chirundu.

Ntchito tinaipeza kwa azungu oyeza nthaka amene ankayendayenda m'tchire ndi matenti. Atate a Monika anaika kachidutswa ka tayala m'nsapato yakumanzere kuti miyendo ilingane, ndipo anawalemba kukhala onyamula katundu. Ine ndinkachapa ndi kutunga madzi. Kunali kotentha, madzi ake amchere, akashembe, ntchentche za m'tchire zija, akuluma podutsa nsalu. Koma tinali ndi anzathu. Panali aNyirenda, kalaliki wochokera ku Nyasalandi, amene ankalemba manambala ndi kumasulira Chingerezi. Panalinso baMwamba, dalaivala wachiBemba. Atangomva kuti atate a Monika ndi Mngoni anakondwa kuti apeza mbuya wawo, pakuti Angoni ndi Abemba amanyozana mwachibale popanda wokwiya.

"Imwe baNgoni, mbewa za kuno mwazipeza shani? Nazionapo zikulu, nikugwilileni?"

"Gwirani anyani anu mudye, mbuya. Mungatipalamulire njala."

Mzungu wamkulu tinkamutcha Bwana Chete, chifukwa ndiwo mau achinyanja okha amene ankawadziwa, ndipo ankawafuula tsiku lonse. Anali ndi makina awiri. Oyamba anali bokosi lolemera, lokhala ndi batire yake yolifunditsa, ndipo amuna awiri ankalinyamula pamtengo ngati machila. Amenewa tinkawatcha Nkhalamba. Enawo anali atangofika kumene kuchokera kutsidya la nyanja, oonda, onyezimira, okhala m'chitini chachitali ngati cha mkaka. BaMwamba anawapatsa dzina loti Namwali, ati chifukwa sankafuna dzuwa, sankafuna mphepo, sankafunanso kuwagwira mwachipongwe. Namwali ndiye anapatsidwa kwa atate a Monika.

Tsiku lina ndikuyanika malaya ndinafunsa aNyirenda chimene makinawo ankayeza, popeza sindinkaona chingwe kapena sikelo.

"Mai, tayani chopanira icho," anatero.

Ndinachitaya, chinagwa pansi.

"Wachikoka ndani?"

"Palibe. Changogwa."

"Ayi, lachikoka ndi dziko. Dziko limakoka chinthu chilichonse, ndi inu nomwe. Koma silikoka mofanana paliponse. Pamene pansi pali miyala yolemera limakoka kwambiri pang'ono. Pamwamba pa phiri limakoka mochepa pang'ono. Kusiyanako nkochepetsetsa, thupi silingakumve. M'kati mwa Namwali muli kawaya kopyapyala kuposa tsitsi, kumapeto kwake kuli kanthu kolendewera. Dziko likakoka, kawayako kamatamuka, Bwana amasuzumira pakagalasi nkuwerenga nambala."

Ndinaima ndi malaya onyowa m'manja. Ndinaganiza kuti chibadwire changa dziko lakhala likundigwira kuti ndisauluke, ine osathokoza ngakhale kamodzi. Tsiku limenelo popemphera ndinawonjezapo chimenecho.

Bwana Chete sakanakhulupirira Namwali asanamuyerekeze ndi Nkhalamba, amene ankamudziwa khalidwe lake kwa zaka. Anasankha phiri lamiyala pafupi ndi msasa. Patsinde pake anapaka mwala penti yoyera, wina pakati, wina pamwamba. Makina onse awiri ankayenera kuwerengedwa pamwala wapansi m'mawa, kukwera, kuwerengedwa pakati ndi pamwamba, kenaka kutsika nkuwerengedwanso pamwala woyamba uja. Ngati makina ali bwino, nambala ya pobwerera imafanana ndi ya m'mawa, ndipo kusiyana kwa pansi ndi pamwamba kumagwirizana ndi kwa anzake. Bwana analamula kuti Namwali azinyamulidwa atafungatiridwa pachifuwa. Pamutu analetseratu. Ankati pamutu nkutali ndi pansi, akagwa ndiye kuti wasweka.

Tsiku loyamba Nkhalamba anabwerera ndi nambala yake. Namwali anabwerera ndi ina yachilendo. Bwana anafiira makutu. Tsiku lachiwiri sanatsogole monga mwa masiku onse, anayenda kumbuyo kwa atate a Monika. Phiri silibisa chilema. Kachidutswa ka tayala kankathandiza pansi posalala, koma pamiyala bondo linkagonja, ndipo likagonja thupi lonse linkagwedera kumanzere, Namwali nkugwedera limodzi. Atatsika, nambala inali itadumphanso. Bwana analoza nsapato. Atate a Monika anaivula pamaso pa anthu onse, katayala nkugwa pansi.

ANyirenda anamasulira akuyang'ana kumbali. Kugwedeza kumadumphitsa kawaya kaja. Mawa kuyesa kotsiriza ndi wonyamula wina, ndipo aTembo, ndiwo atate a Monika, atenge chitupa chawo azipita. Bwana anafunsa amene anganyamule Namwali mawa. Amuna onse anayang'ana pansi. Ndani akanafuna kugwira chinthu chochotsetsa munthu ntchito?

Dzuwa lisanalowe ndinatenthetsa madzi nkumawathowa bondo kuseri kwa tenti. Linali litatupa ngati dzungu.

"Amake Monika," anatero, "mawa nizakukwezani lole. Bwererani kwa mwana."

"Nanga inu?"

"Ine nipitirira kumwera. Mwina kumafamu safunsa miyendo."

"Tiyeni tonse kumudzi. Tizalima."

"Kuti amalume anu akaniwerengenso miyendo? Iyayi. Nikapeza pulawo nizabwera."

Mau amenewo ndinkawadziwa. Ndiwo amene amuna onse osabwerera aja anasiyira akazi awo. Ndinafinya nsalu. Mumtima ndinati, Mai Maria, inu munayenda ulendo wa ku Ejipito muli pamodzi ndi amuna anu, musalole ine ndibwerere ndekha.

M'mawa ndinapita kumtsinje monga mwa nthawi zonse. Pobwera, njira inkadutsa pamiyala yoterera. Ndili pakati pa miyalapo ndinaima. Ndowa inali yodzaza mpaka m'milomo, ndipo mapewa anga anali ouma. Ndinali nditadutsa pamenepo masiku onsewo osaganizapo kanthu. Sindinapite kokatula madzi. Ndinalunjika pamwala wa penti pamene anthu anali atasonkhana.

"ANyirenda, muwauze a Bwana kuti Namwali nimunyamula ndine. Pamutu."

BaMwamba anaseka mpaka kugwira bondo. "Mwamvela baNgoni? Nkhondo yakanga amuna, manje atuma akazi!"

ANyirenda anati, "Mai, musandiike m'mavuto. Pamutu analetsa."

"Muwauze chabe. Mau ni anga, si anu."

Bwana Chete anapukusa mutu, nkukupiza dzanja ngati akuingitsa nkhuku. Ine sindinatsutse. Ndinatembenuka ndi ndowa yanga nkuyamba kukwera phiri. Ndinamva akufuula kumbuyo, koma ndinapitirira mpaka pamwala wapakati, ndinaugunda ndi chala chakuphazi, nkutsika. Nditafika ndinagwada pang'onopang'ono pamaso pake, ndowa ikali pamutu, kuti aone yekha. Anasuzumira. Madzi anali m'milomo. Anayang'ana bulauzi yanga, kutsogolo ndi kumbuyo, kufuna dontho. Kenaka anatenga ndowayo, anaifungatira pachifuwa monga ankalamulira anthu ake, nayenda mapazi ochepa chabe pamiyala. Kabudula yense ananyowa. Palibe anayerekeza kuseka kupatula baMwamba, amene anathawira kuseri kwa lole.

Bwana anaima nthawi yaitali akudontha. Kenaka anayankhula, aNyirenda nkuti, "Akuti kamodzi kokha. Mukamugwetsa nonse awiri muona zakuda."

"Muwauzenso ichi," ndinatero. "Chinthu chotere sininganyamule nekha kuika pamutu, siningatulenso nekha. Pafunika wonisenzetsa na wonitula amene adziwa kumugwira. Wodziwa ni atate a Monika. Akachoka iwo, na ine sininyamula."

ANyirenda anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anamasulira. Bwana anagwedeza mutu movomera.

Ndinayang'ana atate a Monika. Anali ataima patali ndi kathumba kawo kokonzeka kale. Nkhope yawo sinali yokondwa. Mwamuna amene anachoka kumudzi chifukwa chosekedwa, lero mkazi wake akumupempherera ntchito pamaso pa amuna anzake. Ndinaopa kuti atembenuka nkumapita. Anabwera pang'onopang'ono, nayang'ana nkhata yanga ya chitenje.

"Iyi ni ya ndowa," anatero osandiyang'ana. "Chitini ichi nchoterera pansi."

Anazula udzu wautali, anaupota nkhata yolimba yokhala ndi dzenje pakati, naikulunga ndi chitenje changa. Bwana atatha kuwerenga makina onse awiri pamwala wapansi, iwo anabwezera Namwali m'chitini, anamukweza ndi manja awiri, namukhazika pamutu panga mofatsa ngati akugoneka khanda.

Sanali wolemera. Ndowa imamuposa kutali. Cholemera chinali kudziwa kuti banja langa lalendewera pakawaya kopyapyala kuposa tsitsi. Atate a Monika anatsogola, akutsimphina poyera tsopano, pakuti panalibenso chobisa. Ankayesa mwala uliwonse ndi phazi. "Apa. Osati apo, uyo ugwedera. Apa." Ine ndinkayendera mau awo, chifukwa wosenza sayang'ana pansi. Mumtima ndinkanena kolona, phazi limodzi mau amodzi, kuti mayendedwe asasinthe.

Pamwala wapakati ananditula. Anaika kambale kamiyendo itatu pansi, Namwali pamwamba pake, nkutambasula ambulera. Bwana anagwada, anapotoza tizitsulo mpaka kathovu ka m'galasi kataima pakati, nafuula, "Chete!" Tonse tinauma pamene tinali. Ngakhale kusuntha phazi kunali koletsedwa, ati Namwali amamva. Anawerenga, aNyirenda analemba. Kenaka Nkhalamba chimodzimodzi.

Titatsala pang'ono kufika pamwamba, kashembe anatera pakhosi panga, pansi pa khutu. Amene analumidwapo adziwa, ndi singano yamoto. Dzanja linafuna kunyamuka lokha. Ndinaluma mano, misozi nkutsika, koma khosi sindinaligwedeze. Ndinangoti motsitsa, "Atate a Monika." Anacheuka, anaona. Anatsika mapazi awiri pabondo lawo lotupa lija, natsina kachilomboko ndi zala ziwiri osakhudza chitini. Anapukuta magazi ndi chala chachikulu.

"Limbani, amake Monika," anatero. "Tafika."

Aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso tsiku limenelo.

Kutsika kunavuta kuposa kukwera. Pamene tinkafika pamwala woyamba miyendo inali kunjenjemera, koma kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba ndinali ngati mtengo. Ananditula. "Chete!" Bwana anasuzumira nthawi yaitali, anachotsa diso, analipukuta, nasuzumiranso. Anatchula nambala. Ine ndinali nditaima kumbuyo kwa aNyirenda, ndipo apa ndi pamene sukulu ya masisitere inandithandiza. Ndinaona nambala ya m'mawa pamwamba pa tsamba, ndinaona imene ankalemba pansi pake. Zinali zofanana, kupatula kanambala kakumapeto kokha. ANyirenda anachotsera ya pamwamba pa phiri ku ya pansi, ya Namwali payokha, ya Nkhalamba payokha, nasandutsa zonse kukhala muyezo umodzi monga ankachitira. Anaika pensulo pansi.

"Agwirizana," anatero. "Mai, agwirizana!"

Bwana Chete anaimirira, anavula chipewa chake, nandiweramira pang'ono. Mzungu, masiku amenewo, kuvulira chipewa mkazi wochapa! BaMwamba analiza hutala ya lole mpaka mbalame kuthawa, ndipo kwa nthawi yoyamba Bwana sanafuule kuti chete.

Anabwereza kuyesako masiku angapo kuti atsimikize. Pomaliza aNyirenda anatifotokozera chigamulo. Nkhalamba ngwokhazikika, sasintha maganizo msanga, koma ngwolemera ndipo batire ikafooka amasokonezeka. Namwali amaona tinthu tating'ono timene Nkhalamba saona, amafika kumene lole sifika, koma sapirira kugwedezedwa. Choncho Nkhalamba anatsalira kuyenda m'misewu, Namwali nkumalowa m'mapiri pamutu panga, ndipo pakapita masiku ankakumana pamwala umodzi kuti aone ngati akali kugwirizana. Ine anandilemba m'buku ngati wonyamula. Atate a Monika anakhala wotsogolera njira, wondisenzetsa ndi kunditula, ndi wogwira ambulera.

Madzulo a tsiku loyamba lija anandipempha chinthu chimodzi. "Kumudzi musakanene. Akazamva kuti nimagwirira mkazi wanga ambulera, nizayenda bwanji?" Ndinalonjeza. M'makalata onse ndinkalemba kuti atate a Monika akunyamula makina a azungu, ine ndikuchapa. Wansembe atatipeza kamodzi kumsasa ndinaulula bodzalo. Anandifunsa kuti wondisenzetsa ndi kunditula ndani. Nditamuuza, anati, "Ndiye kuti akunyamuladi, mwana wanga. Pita."

Mvula zingapo zinatipeza m'tchire. Malungo anandigwetsa kawiri, ndipo baMwamba ndi amene anandithamangitsira kuchipatala, akutukwana atate a Monika njira yonse kuti asalire. Tsitsi la pakati pamutu linatha, mpaka lero pali kadazi. Kumudzi tinkatumiza mabulangete, sopo ndi nsalu. Amai sankadziwa kulemba, koma m'kalata iliyonse imene mphunzitsi ankawalembera ankaikamo kachingwe ka luzi, kotalika kuyambira paphewa la Monika kufika pabondo, kuti ndimusokere diresi. Tizingweto ndinkatisunga m'buku la mapemphero. Kalikonse kankaposa kanzake. Mwana wanga ndinamuona akukula pa luzi.

Ntchito itatha tinabwerera ndi pulawo, njinga ndi makina osokera. Mudzi tinaupeza utachepa. Amai anali atapindika msana, amalume diso limodzi litachita khungu. Kamtsikana kakatali kovala diresi imene ndinasoka ndekha kanabwera, kanagwada patali nkuti, "Mwayenda bwanji?" ngati kakulonjera alendo. Kenaka kanathawira kumbuyo kwa agogo ake, kakuwaitana kuti amai. Ndinamwetulira kuti anthu asaone.

Mawa lake abale anasonkhana kudzaona pulawo. Amalume anaisisita, nakhosomola.

"Apongozi, ine ninalakwa. Timamva m'makalata kuti azungu anakukhulupirirani na makina amene ena onse anaopa. Mwamuna ni uyu."

Ine ndinali pamphasa ndi akazi anzanga, maso pansi. Zinali bwino choncho. Ndi zimene tinapitira.

Atate a Monika anavula nsapato yakumanzere, anaigwedeza kuti onse aone kuti mulibe kanthu, naiika pambali.

"Amalume, mwendo ukali umodzi na theka, monga munawerengera. Makina aja ananikana ine pa tsiku lachiwiri. Amene anawakweza mapiri zaka zonsezi ni mwana wanu uyo wakhala apoyo. Ine ninali kumugwirira ambulera. Ndipo nikuuzeni, m'dziko lonse lija munalibe munthu wogwira ambulera monyada ngati ine."

Anafotokoza zonse, za ndowa, za kabudula wa Bwana, za kashembe, za chipewa. Anthu anaseka, amai analuluta. Ine ndinabisa nkhope m'chitenje.

Ndili choncho ndinamva tizala tikuyenda pamutu panga, pansi pa duku. Tizalato tinapeza kadazi kaja, tinaima pamenepo.

"Ni apa?" anafunsa Monika.

"Ni pamenepo, mwana wanga."

Anathamangira m'nyumba, nabwera ndi kachidebe kake ka madzi ndi kansalu kopota molakwika.

"Ine nimataya masiku onse," anatero. "Amai, nipangileni nkhata."